Tsiku limene tinazonda asekulu pa depoti

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, omwe tinkawatchula kuti asekulu, ndimamva fungo la polishi ndi la makala a m'simbi yomwe ankasitira jekete lawo m'mawa uliwonse, asananyamule chikwama chachikopa n'kuuyatsa ulendo wa pa Boma. Munthu woti anapuma ntchito kalekale, jekete la chiyani m'kutentha kwa ku Karonga? Abuya, agogo aakazi, funso limeneli linkawadya.

Zinafika poipa mayi wina wogulitsa nthochi atawauza kuti amawaona asekulu tsiku ndi tsiku m'minibasi yopita kumalire ku Songwe. Abuya anaimaliza okha nkhaniyo: kumalire kuli mkazi. Anayamba kununkhiza kolala ndi kupisa m'matumba. "Ndikangomuona ndi maso angawa, ndikubwerera kwathu ku Sangilo," anandiuza. Ine, mtsikana wa zaka khumi woleredwa ndi awiriwo, ndinachita mantha kwambiri.

Lolemba lina anandigwira dzanja, tinawalondola mpaka pa depoti. Asekulu anali atakhala mwaulemu pampando wakutsogolo wa minibasi ya ku Songwe, chikwama pamiyendo. Ife tinazemba n'kukwera momwemo, n'kukabisala kumbuyo kwenikweni, abuya atafunda chitenje kumutu. Kondakitala ankakuwa kuti, "Yumoza pera!", kuti kwatsala malo a munthu mmodzi, chonsecho mipando yambiri inalibe anthu. Odutsa akaona bambo wa jekete ali kale m'katimo, ankakhulupirira kuti galimoto inyamuka posachedwa, n'kukwera.

Itadzaza, asekulu anatsika mwakachetechete. Kondakitala anawafumbatitsa kanthu, iwo n'kukakhala m'minibasi ina yopanda anthu. Ntchito yawo inali imeneyo, kunamizira ulendo kuti akope okwera. Abuya sanayerekeze kukuwa kuti titsike, poopa kuti amuna awo awazindikira mawu. Motero tinapita mpaka ku Songwe popanda chokachita, titapanikizidwa ndi matumba a shuga.

Pobwerera m'pamene abuya anandinong'oneza: "Ukakangowauza kuti tawaona, ndikudula makutu. Munthu wabisa manyazi ake, ife tisamuvule."

Asekulu anamwalira akuganiza kuti palibe wa pakhomo amene anadziwa. Lero ndimakhala ku Mzuzu, ndipo sindikhulupirira aliyense wokhala kutsogolo minibasi isanadzaze. Koma akakhala wokalamba ndimakwerabe, ndikudziwa ndithu kuti ndichedwa ku ntchito, ndipo akamatsika ndimayang'ana kumbali.