Nyenyeswa za a Makoswe

Anayamba ntchito pa 4 Epulo 1994, m'chipinda chapansi cha nyumba ya kafukufuku, momwe ankasungiramo makoswe oyera mazana awiri. Anthu ankangowatchula kuti a Makoswe, iwo n'kumavomera. Ntchito yawo inali kusintha utuchi m'makola, kudzaza mabotolo a madzi ndi kuyeza chakudya pasikelo.

Makoswewo anali a adokotala, mayi wofufuza za ubongo. Ankawabaya mankhwala otakasa ubongo, kenako n'kuyeza kuti ubongowo wadya shuga wochuluka bwanji. Lamulo lalikulu linali limodzi: tsiku lobaya, khoswe asalawe kanthu.

Akazi awo atamwalira pa 9 Juni 2011, a Makoswe analeka kukadyera kukantini. Kunyumba kunali zii, mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali. Masana ankazondotsa ndowa n'kukhalapo, buledi ali pamwendo, pafupi ndi khola la khoswe wina wong'ambika khutu. Wocheza naye anali yemweyo.

"Mwaswera, achimwene?" ankatero akumupatsira nyenyeswa. "Tiyeni, wodya yekha sakhuta."

Pa 12 Ogasiti 2013 linali tsiku lobaya makoswe a mumzere wachitatu wa makola. Chikwangwani choletsa kuwadyetsa anachiona ndithu. Koma mnzawo uja anaimirira n'kutulutsa mphuno pawaya, dzanja linangopita lokha. Ena khumi ndi mmodzi a mumzerewo anali maso tong'o. Kupatsa mmodzi anzake akupenya si khalidwe, choncho anagawira onse.

Lachinayi adokotala anatsika maso atafiira.

"Bambo, manambala akukana. Miyezi isanu ndi itatu yalowa m'madzi. Kaya ndinasakaniza molakwika mankhwala aja? Mwina ndingousiya kafukufukuyu."

A Makoswe anapitiriza kupukuta sikelo. Makoswe saneneza munthu. Ankadziwanso kuti akaulula, chipindacho sadzalowamonso. Koma mayiyo anali atakhala pandowa paja, atagwira tsaya.

"Mayi, si inu. Ndinawapatsa buledi."

"Onse?"

"Nanga ndikanapatsa mmodzi?"

Adokotala anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso.

"Inu a Makoswe inu. Zaka zonsezi!"

Kafukufuku anayambiranso. Ntchito sanawachotse, koma pa 19 Ogasiti anabweza kiyi wa chipinda chapansi n'kusamukira kotsukira mabotolo. Kumeneko kunali anthu asanu, aliyense atatseka makutu ndi nyimbo za pafoni. Anatsuka mabotolo mpaka pa 31 Malichi 2016, tsiku limene anapuma. Za wong'ambika khutu uja sanafunsepo munthu.