Agogo Akakana Phala

Ntchito yoyamba imene ndinaifuna ndi mtima wonse ku Dublin inali yopatsa chakudya okalamba, pa nyumba ina yowasungira kufupi ndi kumene tinkakhala ku Mulhuddart. Ndinali nditakhala zaka ziwiri m'nyumba, kuonerera mvula pawindo, bambo a mwana ali ku ntchito yawo ya unesi. Mwana wathu wamkazi atayamba sukulu ya mkaka, manja anayamba kundiyabwa. Popita kukamutenga ndinkadutsa pa nyumba ija, ndipo pawindo lina pankakhala agogo aakazi a tsitsi loyera ngati thonje, akuyang'ana msewu. Khosi lawo linkapendekeka ngati la amayi anga.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma kudwazika matenda ndiye ndimakudziwa. Amayi atafa ziwalo mbali imodzi, ndinali gadiyani wawo miyezi itatu pa chipatala cha kwathu. Kwathu nesi amapereka mankhwala basi. Kusambitsa, kutembenuza, kuchapa ndi kudyetsa ndi ntchito ya gadiyani, wachibale wogona pachitenje pansi pa bedi. Ndipo lamulo loyamba limene azimayi a kukhitchini ya magadiyani amakuphunzitsa ndi lakuti wodwala akakana phala, suchotsa mbale. Umakhala pansi. Umauzira supuni, umanyengerera, umamukumbutsa zidzukulu, umanama kuti "yomaliza iyi". Wobweza mbale yodzaza ankamunena kuti wabwera kudzadikira maliro.

Tsono atandiuza kuti ntchito ija ili ndi mayeso, sindinaope kwenikweni. Chingerezi ndinali nditachiwonjezera ku holo ya parishi, kumene mayi ena achiairishi, opuma pa uphunzitsi, ankatiphunzitsa Lachiwiri lililonse. Pa tsiku la mayeso anatikhazika anthu asanu ndi atatu m'chipinda, aliyense ndi kompyuta yake. Mafunso anali a nkhani: chakuti chachitika, iwe uchita chiyani? Sankha yankho limodzi.

Limodzi ndimalikumbukabe. Agogo akana chakudya cham'mawa, akuti sakufuna. Yankho lina linkati lemekeza mawu awo, chotsa mbale, lemba, uuze nesi. Lina linkati khala nawo, uwalimbikitse mpaka adye. Ndinamwetulira ndekha, ndikuti ili ndiye andipatsa laulere. Mafunso ena angapo anali abale ake: agogo akana kusamba, agogo akufuna kutseka chitseko akhale okha. Konseko ndinayankha monga mwana wolera mayi ake.

Patatha sabata uthenga unalowa pafoni. Sindinakhoze. Kumunsi kwake anaikako mawu okoma, akuti iwo amalandira anthu a mitundu yonse mosasiyanitsa, ndipo ndikhoza kuyesanso pakatha miyezi itatu.

Lamlungu, Misa itatha, tinkamwa tiyi ku holo. Ndinangouza munthu mmodzi, koma tisanamalize mabisiketi nkhani inali itafika kwa achimwene ena a ku Zomba, amene ankachita maphunziro apamwamba ku Drumcondra.

"Mlongo, musadzione ngati mbuli," anatero atagwira kapu ngati akulankhula pamsonkhano. "Mayeso amenewa amalemba ndi azungu, poganizira azungu anzawo. Ndi sefa yoti ife tizitsalira m'mwamba ngati gaga. Ine ndilemba kalata ya dandaulo, inu mungosayina."

Pafupi panali anti ena a ku Chipata, nesi wa zaka zambiri ku chipatala chachikulu cha m'tauni. Anaika kapu pansi.

"Awe, imwe a dokota opanda odwala, khalani pansi. Kwa imwe chilichonse ni tsankho. Basi ikakusiyani pa siteji, tsankho. Mvula ikakunyowetsani, tsankho. Ine mayeso ninalemba, ninapasa. Manje nine mzungu ine?"

"Inu anakuphikani kale, anti, munapsa," anayankha achimwene aja. "Funsani mlongoyu: pa anthu eyiti aja akuda anali angati, ndipo akhoza angati?"

Akuda tinali atatu. Za okhoza sindinkadziwa.

Aphunzitsi athu achiairishi aja anayandikira ndi mbale ya keke, nkhani inatembenukira m'Chingerezi. Anafuna kunenapo kanthu, koma anasowa potitchula. Anayamba kuti "anthu a...", anaima. Anayambanso kuti "anthu ochokera...", anaimanso, makutu atafiira. Anti aja anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Kambani chabe kuti akuda, mayi, sitisuluka!"

Aphunzitsiwo anati masiku ano munthu umaopa kutsegula pakamwa, mawu amene anali abwino dzana lero ndi mlandu. Achimwene anati kuopa kumeneko n'kwabwino, chifukwa chipongwe chimayambira pa lilime. Anti anati ulemu wa pa lilime sunalembepo munthu ntchito, onani mawu okoma a kumunsi kwa uthenga uja. Apo achimwene anawomba m'manja kuti tsopano agwirizana, anti n'kukana kuti sanagwirizane ndi aliyense. Tiyi anazizira. Mwana wanga ankandikoka siketi, kundifunsa m'Chingerezi chake kuti tipita liti. Anakangana za ine nthawi yonseyo, koma palibe anandifunsa kuti funso lenilenilo linali lotani.

Amene anandifunsa ndi aphunzitsi aja, Lachiwiri, tikupinda mipando. Ndinawafotokozera za phala, za khitchini ya magadiyani, za "yomaliza iyi". Kenako anandiuza kuti mayi awo anamalizira moyo m'nyumba yotereyi kalekale, kumene wokalamba akakana kudya ena ankamugwira mphuno kuti atsegule pakamwa. Chitseko sankaloledwa kutseka. "Ayi" wa wokalamba sankawerengedwa kanthu. N'chifukwa chake lero anthu kuno amaumirira kuti akakana, wakana.

"Yankho lako lili ndi chikondi," anatero. "Koma kompyuta siingaone dzanja lomwe lagwira supuni, kaya ndi lako kaya ndi la wogwira mphuno uja."

Ndinayenda wapansi kubwerera, ndikusinkhasinkha. Achimwene sananame: wolemba funso lija sanagonepo pansi pa bedi la chipatala, ndipo sanaganize kuti kuli anthu amene kuchotsa mbale ndi manyazi a banja lonse. Anti nawonso sananame: kompyuta sinaone khungu langa. Koma ine mkanganowo sukanandilowetsa pa chitseko cha nyumba ya okalamba ija. Lamlungu lotsatira, kalata ija achimwene anabwera nayo yotayipa bwino, masamba awiri. Ndinawathokoza ndi manja awiri, n'kukana kusayina.

"Mwatigulitsa, mlongo," anatero, akuseka koma osaseka.

Mwina adzapezeka wina wolimba mtima kuposa ine amene adzasayine, ndipo mwina funso lija lidzasintha. Ine ndinkafuna kugwira mbale.

Miyezi yodikira ija amayi anagonekedwanso m'chipatala kwathu. Gadiyani tsopano anali mng'ono wanga, ndipo chitenje chogonera pansi chinali chomwe chija ndinasiya ine. Masana ena anandiimbira foni ya zithunzi, ine ndili m'khitchini ku Mulhuddart.

"Asisi, akukana phala. Ine ndalephera. Lankhulani nawo."

Anatembenuza foni. Ndinaona khosi lopendekeka lija, bulangete la chipatala, ndi mbale ya pulasitiki yobiriwira imene ndinagula ine pa msika wa pageti. Ndinamva azimayi akuseka panja pa wodi, ndipo ndinalakalaka nditamva ngakhale utsi wa kukhitchini kuja, umene kale unkandiliza maso.

"Amayi, tsegulani pakamwa. Yomaliza iyi."

Anaseka ndi theka la pakamwa lomwe limagwira ntchito. "Bodza lako lija unapita nalo kwa azungu?"

Anadya masupuni atatu. Netiweki inadula. Ndinatsala ndi foni m'dzanja, dzanja linalo lili m'mwamba, ngati ndagwira supuni.

Tsiku la mayeso achiwiri funso lija linabweranso, mawu ake omwewo. Chala changa chinaima nthawi yaitali. Ndinamva ngati azimayi onse a kukhitchini ya magadiyani aima kumbuyo kwanga, manja m'chiuno. Ndinadina kuti chotsa mbale, lemba, uuze nesi. Ndinakhoza.

Agogo a pawindo aja ndinawapeza akadali moyo, m'chipinda chachitatu kuchokera ku khitchini. Sabata yachiwiri ya ntchito anandikanira phala. Anangolipukusira mutu, maso ali ku msewu. Ndinachotsa mbale, ndinalemba, ndinauza nesi. Manja anga sanakondwe nazo. Nditamaliza zipinda zina ndinabwerera, n'kugogoda, ndipo ndinafunsa ngati ndingakhale pansi pang'ono. Analoza mpando. Ndinakhala wopanda supuni, zikhatho pamaondo. Anandifunsa kwathu, ndinawauza za amayi ndi mbale yobiriwira. Tsiku limenelo sanadye.

Mpaka lero ndimatero. Masiku ena sadya, ndimalemba. Masiku ena, ndikakhala kanthawi, amafunsa ngati phala lija likadali lofunda, ndiye ndimathamanga kukalitenthetsa asanasinthe maganizo. Sindiwauzira supuni, amagwira okha. "Yomaliza iyi" sindinawanenepo. Mawu amenewo ndimasungira foni, nthawi yopuma masana, mng'ono wanga akandiimbira ali ndi mbale m'manja.