Batire la Thirakitala ndi Mwendo wa a Zuze

Ntchito ya makamera sindinachite kuifunafuna. Inandipeza ndili pansi pa mtengo ndikuwotcherera wailesi ya munthu. Ndinabadwira m'komboni, kumene kumakhala antchito, pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi Norton, kunja kwa Harare. Bambo anga anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kudzakalambira m'fodya wa azungu, koma ine khasu silinandikonde, nanenso sindinalikonde. Chuma changa chinali kachitsulo kowotcherera kamene ndinkakatenthetsa pamakala, ndi manja osanjenjemera.

Tsiku lina kunabwera kagalimoto ka a Chari, Mshona wa ku Harare amene anali ndi kakampani koika maalamu ndi makamera m'mapulazi. Anadzakonza belu la pageti la mzungu, waya n'kudukira m'kati mwa pulagi, chitsulo chawo chowotcherera ataiwala kunyumba. Anthu anawalozera kwa ine. Nditamaliza anakoka wayawo kawiri, sunaduke. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Lolemba ubwere ku Harare." Mayeso anga onse anali amenewo. Ndinali ndi mkazi ndi mwana mmodzi, ndipo Lolembalo ndinakwera kombi, kaminibasi, nditavala nsapato zobwereka.

Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Achinyamata amene mumaonera geti lanu pafoni, musaganize kuti zinali choncho. Kamera zathu zinkaonetsa zakuda ndi zoyera zokha. Tinkaziika m'bokosi lachitsulo kuopa mvula, n'kukoka waya wokhuthala kuchokera pamenepo mpaka ku ofesi, kumene kunkakhala kasikirini ndi makina ojambula pa tepi ya vidiyo.

A Chari ankati zosankha ndi zitatu. Choyamba kamera yeniyeniyo, imene tinkaiyeza ndi mizere ya chithunzi. Ya mizere 380 inali yotchipa, chithunzi chake chachifungachifunga, pamene ya mizere 570 inkatulutsa nkhope bwinoko. Chachiwiri lenzi, imene ife tinkangoti diso. Diso la mamilimita anayi limaona bwalo lonse koma munthu amachepa. La mamilimita khumi ndi awiri limaona kachigawo kochepa koma munthu amakula. Chachitatu liwiro la tepi. Tepi inali ya maola atatu, koma makina ankatha kuikoka kuti ikwane tsiku lathunthu, ngakhale masiku atatu. Kuti itero, makinawo ankajambula modumphadumpha, chithunzi apa, chithunzi apo, zapakati n'kutayika.

Lamulo lawo ankalibwereza mpaka kutopetsa: "Ukafuna kudziwa kuti kwalowa munthu, ika diso lalikulu. Ukafuna kudziwa kuti ndi ndani, munthuyo adzaze sikirini kuyambira m'mawondo mpaka kumutu. Ntchito ziwirizi kamera imodzi sigwira." Ndinkaliloweza ngati katekisimu, osadziwa kuti kuloweza n'kwina, kuima nalo pamaso pa mzungu wokwiya n'kwinanso.

Nditanyamula makwerero a a Chari pafupifupi chaka, anandituma ndekha koyamba ku pulazi ina ya fodya ku Banket. Mwini wake, mzungu, antchito ankamutcha Mandevu, koma pamaso pake ankati baasi, ndiye kuti bwana. Pabwalo pake panali wekishopu, thanki ya dizilo, shedi ya mathirakitala ndi geti, ndipo ankadandaula kuti zipangizo zikumera miyendo. Ndinayeza bwalolo ndi mapazi n'kumuuza kuti pafunika makamera awiri, ina yoona bwalo lonse, ina ya diso lopapatiza yoyang'ana pageti pokha. Mandevu anapukusa mutu. Ankafuna imodzi yotchipa yoona zonse, ndiponso tepi yoyenda kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba, chifukwa kumapeto a sabata ankapita kukawedza ku Kariba ndipo sankafuna wantchito aliyense alowe mu ofesi kukasintha tepi. "Ngati simungathe, ndiitana ena," anatero.

Ndinaganiza za nkhope ya a Chari ndikabwerera chimanjamanja pa ulendo wanga woyamba. Pakamwa panga panangotuluka kuti, "Imodzi ikwana, baasi."

Ndinaikhoma pamwamba pa shedi: kamera ya mizere 380, diso la mamilimita anayi, tepi ya masiku atatu. Chithunzi chake kukongola! Bwalo lonse linali m'kasikirini kaja, mpaka agalu. Mandevu anandisisita paphewa. Koma munthu akaima pageti ankaoneka wamfupi ngati chala changa chamanthu, nkhope yake kadontho chabe. Ndinaona ndi maso angawa, ndipo sindinanene kanthu.

Masiku anayi amene ndinagwira ntchitoyo ndinkagona m'komboni kwa a Zuze, mdala wa ku Tete amene ankathira girizi ndi kusunga makiyi a wekishopu. Atamva ndikuyankhula Chichewa anati, "Mwana wa kwathu sagona m'shedi ngati thumba la feteleza," n'kundiyalira mphasa m'nyumba mwawo. Mwendo wawo wakumanzere unapondedwa ndi ngolo kalekale, choncho ankayenda motsimphina. Anali munthu wa nthabwala. Ankati kamera yangayo ikawajambula ndiwauze kaye apese tsitsi.

Patapita milungu isanu ndi umodzi, Mandevu anaimba foni. Lamlungu mmawa, anthu ali ku tchalitchi, batire la thirakitala yaikulu linabedwa. A Chari anandituma kuti ndikamuthandize kufufuza pa tepi. Ndinafika Lachiwiri dzuwa lisanakwere kwenikweni. Mu ofesi tinali atatu: Mandevu, foromani wake woyang'anira antchito, ndi ine pamakina.

Ndinabweza tepi mpaka tinamupeza. Kamunthu kovala ovolosi ndi chipewa kanatuluka mu wekishopu kakukankha wilibala, kulunjika kugeti. Ovolosiyo sinathandize kanthu, chifukwa pa pulazi aliyense amalandira yofanana kumayambiriro kwa nyengo ya fodya. Nkhope panalibe. Koma kamunthuko kankayenda monjanja, kakaoneka apa, kenaka katsogolo pang'ono katapendekera mbali.

Foromani analoza ndi chala. "Onani, baasi, akutsimphina! Uyu ndi Zuze."

Zonse zinagwirizana mwamsanga ngati zochita kupangana. Makiyi amasunga ndi a Zuze. Ku tchalitchi tsikulo sanaoneke. Mandevu anatembenukira kwa ine. "Makina akowa anganame?"

Ndinkadziwa. Ndikunena poyera, ndinkadziwa. Pa tepi ya masiku atatu palibe amene amayenda bwino, chifukwa masitepe apakati sajambulidwa. Koma kunena zimenezo kunali kuvomera kuti ndinamugulitsa chinthu chosatha kuzindikira munthu, ndipo ndinaona ntchito yanga ikuthera mu ofesi momwemo. Ndinayankha kuti, "Makina sanama, baasi."

Anawaitana a Zuze. Analowa chipewa chili m'manja, girizi mpaka m'zigongono. Anayang'ana kasikiriniko nthawi yaitali, kenaka anati, "Baasi, Lamlungu ine ndinali gone kunyumba, mwendo unatupa. Makiyi amakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, aliyense amadziwa." Mandevu sanafune kumva. Anati chifukwa cha zaka zimene agwira sawaitanira apolisi, koma dzuwa likamalowa akhale atachoka, thirakitala ikawatula kumsewu waukulu. A Zuze potuluka anandiyang'ana kamodzi. Ine ndinali kalikiliki kupinda waya umene sunkafunika kupinda.

Amene simunakulire m'komboni mwina simungamvetse. Kwa ife ntchito ndi nyumba zinali chinthu chimodzi. Mshona akachotsedwa ankakwera basi kupita kumudzi kwawo, kumene kuli munda ndi manda a makolo ake. A Zuze anachoka ku Tete nkhondo ya kwawoko isanayambe, ndipo kumeneko kunalibe amene akanawatsekulira chitseko. Anali ndi mkazi, zidzukulu ziwiri zamasiye, ndi mwendo umene palibe mzungu wina akanaulemba ntchito. Kumsewu waukuluko sankapita kukakwera basi. Ankangopita kukakhala.

Masana ndinalongedza zida zanga. Njira yopita kumsewu inkadutsa m'komboni, ndipo ndinayesa kulambalala, koma mai Zuze anandiona. Katundu anali kale panja: mphasa, mapoto, kabedi kachitsulo, mtolo wa zovala. Maiwo anakhala pansi akusosola nkhuku. Anazipha zonse, poti nkhuku zamoyo sungakhale nazo m'mbali mwa msewu, ndipo ankagawira anansi. Anandikodola ndi dzanja lodzaza nthenga.

"Mwanangu, tenga iyi ukapatse mkazi wako. Ife tilibe poiphikira."

Mayo ine! Bola akanandituka. Ndinaima pamenepo nkhuku ili m'manja, yofunda. Ndinaiika pamphasa, ndinawauza kuti asamange katundu wina, n'kubwerera ku ofesi chothamanga.

Mandevu ndinamupeza akumwa tiyi ndi foromani ataima pakhomo. Ndinati, "Baasi, ndikupempha chinthu chimodzi. Mutenge wilibala muyende kuchokera ku wekishopu kukafika pageti. Foromani nayenso ayende, atavala chipewa." Mandevu anafiira nkhope, kufunsa ngati ndapenga. Ndinati ngati ndikumutayitsa nthawi andithamangitse yekha ndi agalu. Sindikudziwa chimene chinamugwira, kaya chidwi kaya kufuna kundichititsa manyazi, koma anadzuka.

Ndinaika tepi ina, makina ali pa liwiro lomwe lija la masiku atatu. Anayenda onse awiri, mmodzimmodzi, antchito a mu wekishopu akusuzumira modabwa kuona mzungu akukankha wilibala yopanda kanthu. Atabwerera ndinabweza tepi.

Mandevu, munthu wa miyendo yake iwiri yabwinobwino, anaoneka pa sikirini akunjanja, kupendekera uku, kudumphira uko. Foromani anaphulika kuseka. Kuseka kwake kunazima pamene iye mwini anatulukira: ovolosi, chipewa, wilibala, kutsimphina komwe kuja. Ndinaikanso tepi ya Lamlungu. Wakuba uja ndi foromani panalibe kusiyana ngakhale pang'ono. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwake, ndipo ndinafulumira kunena kuti sindikuti ndi iyeyo, chifukwa munthu wina aliyense pa pulaziyo akanaoneka chimodzimodzi.

Kenaka Mandevu anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye wandibera ndani?"

"Sindikudziwa, baasi. Kamera iyi singakuuzeni. Imaona kuti kwadutsa munthu, basi. Ndinazidziwa tsiku limene ndinaikhoma."

Mawu amene anandiponyera sindingawalembe pano. Anaimbira a Chari ndili pomwepo. Atamaliza anauza foromani kuti akauze Zuze abwerere ku ntchito mawa. Pepani sanatuluke m'kamwa mwake, ndipo wakuba batireyo sanadziwike mpaka lero.

Ndinapita ku komboni dzuwa likupendeka. A Zuze anali akulowetsa katundu m'nyumba, pang'onopang'ono, mwendo ukukokera m'mbuyo. Anansi ena ankabweza nkhuku zosololedwa kale. Foromani anali atafotokoza zonse, mpaka za mzungu wotsimphina, ndipo ana ankamuyerekeza pabwalo akuseka. Ndinanyamula mtolo wa zovala kuti ndithandize. Mumtima ndinkayembekeza kuti mdalayo andithokoza.

Anaima pakhomo n'kundifunsa mofatsa, "Mwanawe, mmawa muja mu ofesi, zoti makina amatsimphinitsa anthu unali usanadziwe?"

Bodza linali pafupi, lokonzeka. Koma ndinali nditanama kokwanira tsiku limenelo. "Ndinkadziwa, madala."

Sanakalipe. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za imfa imene ankaiyembekeza. Kenaka anatambasula manja n'kulanda mtolo uja. "Siya, ndinyamula ndekha."

Ntchito sinandithere. A Chari anapita okha ku Banket n'kukaika kamera yachiwiri pageti, ya mizere 570 ndi diso lopapatiza, makina n'kuwabweza pa tepi ya tsiku limodzi. Ine anandibweza ku makwerero miyezi yambiri osandituma ndekha. Anangonena kamodzi, tili m'galimoto: "Kasitomala akakana malangizo, umuuze chimene sadzaona. Akakanabe, ubwereko." Ku pulazi ija ndinapitanso kangapo kukapukuta magalasi ndi kusintha mitu ya makina, tizitsulo tojambula pa tepi. A Zuze ankandipatsa moni bwinobwino, kufunsa za mkazi ndi mwana, koma ndinkagona m'shedi.

Lero ndili ndi zida zanga, ndipo makamera ndi ena, akuthwa kuposa maso anga okalambawa. Koma anthu sanasinthe, amafunabe imodzi yotchipa yoona zonse. Ndiye ndisanatsitse makwerero ndimaimika mwini malo pa sikirini, ndimatuma wantchito wake mmodzi mwachinsinsi kuti akadutse pageti atavala chipewa, kenaka ndimafunsa kuti, "Ameneyo ndi ndani?" Akalephera kutchula dzina, ndimamuuza pomwepo, pamaso pa antchito ake, kuti kamera iyi asadzaweruzire nayo munthu. Ena amakwiya n'kuitana kampani ina, ndipo ndimawasiya apite. Kutaya kasitomala kumawawa sabata imodzi. Mtolo umene a Zuze anandilanda m'manja ukundiwawa mpaka lero.