Makina Osafuna Chilomwe

Dzulo pa wailesi ya kanema amacheza ndi a Mulipa, ati katswiri wa chikhalidwe, atakoleka chikopa paphewa. "Ine Chilomwe ndachimenyera nkhondo moyo wanga wonse," anatero, wofunsayo n'kumangovomera ndi mutu. Ndinazimitsa.

Ndili mwana, a wailesi anabwera pa Limbuli kudzajambula mawu a bambo anga, omwe ankathyola tiyi ku esiteti koma ankatchuka ndi ng'oma za tchopa. Ndimakumbuka fungo la sopo pa malaya awo, ndi makina ojambulira mawu aja, timawilo tiwiri tikuzungulira pang'onopang'ono. A Mulipa, tcheyamani wa chipani masiku amenewo, anaima pambali.

Atafunsidwa dzina, bambo anayamba ndi moni wa Chilomwe, monga ankachitira ndi mlendo aliyense.

"Achimwene, zimenezo muzikayankhula kwanu ku Mozambiki," a Mulipa anawadula. "Kuno n'ku Malawi. Mukufuna muwononge makina a boma?"

Ine ndinakhulupirira kuti Chilomwe chimaphadi makina, ndipo ndinachita nawo manyazi bambo anga.

Sabata isanathe, kapitawo anawapatsa kalata yochokera kuchipani, yonena kuti bambo ndi munthu wokayikitsa. Ntchito inathera pomwepo. Kalatayo ndikusungabe, ndipo dzina la a Mulipa lili m'munsimo, inki yake sinafufutike.

Kuyambira tsiku limenelo bambo sanayankhulenso Chilomwe pakhomo, poopa kuti ana tingakachitulutse pagulu. Lero ndine nkhalamba yosadziwa ngakhale moni wa makolo anga, pomwe wondilandayo akudyera chilankhulo chomwecho.