Nkhuku ya Wodwala Amene Sakudwala

Monile ana anga nonse.

Lelo m'mawa kunabwela azimai atatu a kutchalitchi atanyamula nkhuku, kudzazonda amai anu. Anamva kuti aNyaZimba awonda kwambili, ali gone m'nyumba.

Sindiwaimba mlandu. Ife amene tinaika malilo ambili m'ma 90, tikaona munthu akuwonda mtima umathamanga. Inenso, ngakhale ndinalipo pamene adokotala anati amai anu achepetse thupi chifukwa cha shuga, ndinali kuopa mwakachetechete.

Ndili mkati mowafotokozela, tinangomva belu la njinga. Amai anu anatulukila ndi anzao awili amene amapalasa nao m'mawa uliwonse, thukuta lili kamukamu, thumba la nshawa pakaliyala. Anatsika okha, osapuma wefuwefu ngati kale.

"Wadwala ndani pano?" anafunsa. "Kapena ndi adada awa?"

Mmodzi wa alendowo anawagwila mkono, kuuyang'anitsitsa, nati, "Mama, Loweluka mutitengeko nafe."

Nkhuku aisiya, akuti kubwelela nayo n'zamanyazi. Amai anu akuti tiwabwezele popeza pano palibe wodwala. Ine ndikuti amene anavutika mtima ndine, msuzi ukundiyenela. Inu mukuti bwanji?