Kubereka Chikwama

Zikwama ziwirizo tinazigula pakaunjika mumsika wa pa Boma ku Mzimba. Zinali zija za malamba ambirimbiri zimene azungu amakwera nazo mapiri. Changa chinali chofiira, cha amuna anga chobiriwira ngati cha msilikali. Mayi wogulitsa ataona kuti ndikufuna kuchisenza pamutu anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Yayi mama, icho sasenza. Amabereka, ngati mwana. Mbwenu lamba uyu mumange m'chiuno."

Ndinaseka nawo, koma mawuwo anandilasa. Apa n'kuti titakhala m'banja zaka zisanu ndi ziwiri popanda mwana.

Nzeru ya ulendowo inali yanga. Ine ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Dedza, ndipo phazi langa silichedwa kuyabwa. Ndinali nditajambula chilumba cha Likoma pabolodi kambirimbiri, koma osachipondapo. Ndinawauza amuna anga, amene amagwira ntchito ya zankhalango ku Luwawa, kuti tchuthi chikafika tikachidutse wapansi, gombe lino mpaka gombe linalo. Anavomera. Tinayeserera Loweruka katatu m'nkhalango ya paini, zikwama titazidzaza mabotolo a madzi, ocheka matabwa akutifunsa ngati tikusamuka.

Panali chinthu chimodzi chimene anthu sankadziwa. Zaka zinayi m'mbuyomo tinapita tonse kuchipatala ku Mzuzu, ndipo dokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti ine ndilibe vuto, vuto lili kwa amuna anga. Pobwerera m'minibasi anandipempha kuti nkhaniyo ithere pakati pathu. Ndinavomera chifukwa ndimawakonda, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezo. Choncho kumudzi kwawo ku Champhira, dzina loti chumba linagwera ine.

Sitikananyamuka osakatsanzika apongozi. Tinatsika minibasi pamsewu n'kuyamba kuyenda, ine patsogolo monga mwa nthawi zonse, iwo pambuyo. Amayi a pamjigo anasiya kupopa madzi. Ine wa ku Dedza sindinadziwe kuti kumeneko mkazi wolowoledwa akanyamula katundu wake yense, mwamuna akumutsata, tanthauzo lake ndi limodzi basi: akukamutula kwawo. Nkhani inafika pakhomo ife tisanafike. Apongozi anga tinawapeza pamkeka, nkhope ili mbee.

"Monire, mkamwana. Ndiye mwagwirizana bwinobwino, popanda ndewu? Yewo chomene."

Amuna anga anafotokoza kuti tikungopita kunyanja kukayenda. Nkhope ija inagwa nthawi yomweyo. Apongoziwo anayang'ana chikwama changa kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Anzanu akubereka ana, imwe mukubereka chikwama."

Ndinadikira kuti amuna anga anenepo kanthu. Iwo anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

Kuchoka pamenepo mpaka ku Nkhata Bay, ndiponso m'sitima monse, mawu anga anali "eya" ndi "ayi". Mtima unali utandiwawa kwambiri, ndipo ndinali nditaganiza kale zochita. Ngati tibwerere iwo akadali chete, chikwama chofiiracho ndidzachibereka ndekha mpaka ku Dedza, popanda wondiperekeza.

Chilumbacho n'chokongola, ndisaname. Milambe ili paliponse, mchenga woyera umawotcha mapazi, ndipo madzi amaoneka mpaka pansi. Tsiku loyamba ndinalowa m'madzi kufika m'mawondo nditavala chitenje, ana a kumeneko akundidutsa ngati usipa. Tsiku lachiwiri tinayamba ulendo wathu wapansi. Kanjira kanali ka miyala yokhayokha, kokwera, ndipo dzuwa la kumeneko si la ku Luwawa kumene timavala juzi masana. Titafika pamwamba, pamene mapiri a ku Mozambique amaoneka ngati ungawagwire, ndinaima pansi pa mlambe n'kumasula lamba wa m'chiuno uja. Chikwama ndinachitula pamapazi pawo.

"Inu, tengani ichi."

"Mwatopa?"

"Zaka zinayi ndabereka katundu wanu. Lero berekani wanga, mumve kukoma kwake."

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti amva. Chawo anachisiya kumsana, changa anachikoleka pachifuwa, n'kuyamba kutsika. Ine ndinkayenda manja ali lendelende, ndikutola malambe ogwa n'kumayamwa. Chisoni sindinawamvere ngakhale pang'ono. Thukuta linkadontha kuchibwano kwawo, anapunthwa kawiri chifukwa mapazi awo sankawaona, koma sanapemphe kupuma. Tikuyandikira gombe, asodzi amene ankasoka ukonde pamthunzi anakuwa.

"Achimwene, mwabereka mapasa!"

Ine ndinaseka mpaka misozi. Iwo sanaseke. Atatula zikwamazo pamchenga anavula malaya, ndipo malamba anali atawalemba mizere yofiira m'mapewa. Anakhala nthawi yaitali mapazi ali m'madzi.

"N'cholemera," anatero.

"Ndikudziwa."

Sitinaikambenso nkhaniyo. Masiku atatu otsalawo aliyense anabereka chake. Tinayenda magombe ena, tinadya nsomba zowotcha ndi chinangwa, tinachapa zovala n'kuziyanika pamiyala. Ndinasangalala ndithu, koma maganizo a ku Dedza aja sindinawataye, chifukwa kumva kulemera ndi kwina, kulankhula ndi kwina.

Pobwerera, minibasi itafika pamphambano yopita kwathu ku Luwawa, ndinadzuka kuti titsike. Amuna anga anandigwira mkono.

"Khalani. Titsikira ku Champhira."

Pamsewu paja anatenga zikwama zonse ziwiri, china kumsana china pachifuwa, n'kutsogola. Tinadutsa pamjigo pomwe paja, amayi aja kukamwa kuli yasa. Apongozi anali pamkeka wawo akutonola chimanga. Ataona mwana wawo anaomba m'manja.

"Nanga mkazi wako msana alibe?"

Amuna anga ananjuta pamaso pawo osatula katunduyo. Analankhula m'Chitumbuka, pang'onopang'ono, koma ndinamva liwu lililonse.

"Amama, m'nyumba mwathu mulibe mwana chifukwa cha ine. Dokotala anatiuza kalekale, ine ndinabisa. Uyu mwakhala mukumunena zaka zonsezi, wakhala akunyamula mlandu wanga."

Chitsononkho chinagwa m'manja mwa apongozi. Anayang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana ine nthawi yaitali. Ine maso sindinagwetse, chifukwa ndinalibe choti ndichite nacho manyazi. Anasendera kumapeto kwa mkeka n'kusasa mankhusu ndi dzanja.

"Mkamwana, khalani apa."

Zaka zisanu ndi ziwiri zonsezo malo anga anali pansi, kukhomo la khitchini. Ndinakhala. Kenako apongozi anadzuka okha, ngakhale mawondo ankawawawa, n'kukanditungira madzi akumwa, ndipo anandipatsa ndi manja awiri.