Kukayezetsa Mutu wa Achemwali

Tinanyamuka pamwamba pa phiri la Zomba sikisi koloko m'mawa, nkhungu isanachoke. Achemwali anga a Esinati, mphunzitsi wa sitandade folo, akhala zaka zisanu ndi matenda a mitsempha omwe madokotala amati MS. Mwendo umodzi amaukoka, ndipo chaka chino anayamba kuchedwa kuyankha. Ahedi anati akayezetse mutu, ngati zafika poipa apume pa ntchito. Ine ndinapita ngati gadiyani.

Tinakwera kagalimoto ka amayi ogulitsa masitiroberi, K1,500 aliyense. Dalaivala ankatsetsereka m'makona muja ngati wasiya mphika pamoto. Mayi wina atafunsa achemwali komwe tinkapita, ndinayankha ndine. Kudepoti wakabaza atawafunsa ngati angathe kukwera njinga, ndinayankhanso ndine. Ndi mmene timachitira kwathu kuno: wodwala amakhala chete, gadiyani ndiye amalankhula. Ndipo ine pakamwa sindichedwa.

Tinafika kuchipatala cha m'ma naini, titadya zitumbuwa pageti. Dokotala wachitsikana anawatchulira mawu angapo, monga sopo, khasu, nthochi, nati abwereze. Achemwali atangoti zii, ndinanong'oneza kuti, "Khasu."

"Amayi, tikuyeza mutu wa ndani?" anafunsa dokotala. "Kuchedwa kwawoko ndi kumene ndikufuna kuona. Tadikirani panja."

Kunena zoona ndinakwiya. Ndinakhala pabenchi ola lathunthu, mtima uli m'mwamba. Pawindo ndinkawaona akulumikiza zizindikiro ndi manambala, wotchi ikuyenda. Sanayang'ane kukhomo kufuna ine ngakhale kamodzi.

Atandiitana, dokotala anati liwiro la kuganiza latsika ndithu, koma kukumbukira kukadali bwino. Angathe kuphunzitsa, bola azilemberatu phunziro, azipumula dzuwa likatentha, ndipo adzabwerenso pakatha chaka. Kenako anandiyang'ana ine. "Muziwapatsa nthawi."

Cha m'ma thu koloko tinayamba kukweranso phiri, achemwali atafumbatira kalata yopita kwa ahedi. Ndinawanyadira koopsa, koma manyazi nawo anandigwira. Titadutsa makona oyamba ndinawafunsa chifukwa chomwe sanandiletsere kuwayankhira miyezi yonseyi. Anakhala chete kanthawi ndithu. Ndinadziluma mlomo, ndikudikira.

"Ndinkafuna kukuuza," anatero pamapeto pake, "koma ndikati ndiyambe, iwe unali utandiyankhira kale."